Dzina la Alamu pa Bulubuku

Probox ya amuna anga inakhala pabwalo miyezi inayi osayenda. A Nikolasi anamwalira mu Febuluwale. BP inawagwetsa akutsitsa mathireyi a mazira pa golosale ina ku Namiyango, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Galimoto imeneyo ndi imene inkatidyetsa. M'mawa uliwonse ankapita nayo ku Chigumula kukapikula mazira kwa alimi a nkhuku, n'kumagawa m'magolosale a kuno ku Bangwe mpaka ku Limbe. Mpando wakumbuyo anachita kuuchotsa kuti mathireyi azikwana ambiri. Otsala ndinkagulitsa ine pa benchi langa kumsika.

Atapita iwo, makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Mazira sanyamulidwa pa minibasi. Ndinayesa. Kondakitala amakuikira thumba la makala pamwamba pa thireyi, ukalankhula akuti mayi tsikani mukakwere ndege.

Woyendetsa ndinali naye m'nyumba momwemo. Jesinta, mwana wanga woyamba, wa zaka 18. Bambo ake anamuphunzitsa okha pa bwalo la mpira, ndipo kusukulu yoyendetsa galimoto analipiriratu asanafe. Laisensi inatuluka mu Meyi. Chinatsala ndi inshuwalansi, yomwe inatha mwezi womwewo tinaika maliro. Popanda kapepala kameneko pagalasi sufika ndi ku Limbe komwe, apolisi akuimika.

Lolemba lina ndinavala zakuda zanga, ndinatenga bulubuku, pepala lija losonyeza mwini galimoto, ine ndi Jesinta ulendo wa m'tauni. Tinayambira ku kampani imene a Nikolasi ankalipirako. Tinapeza mnyamata wa tayi, wamng'ono woti ndikanatha kumubereka.

"Mwini galimoto ali kuti, mayi?"

"Ali kumanda ku Nsanje."

"Pepani. Ndiye musinthe kaye dzina. Womwalira sitimugulitsa inshuwalansi."

"Dzinalo tisintha. Ndiuzeni mtengo."

"Aziyendetsa ndani?"

Jesinta anapereka laisensi yake ndi manja awiri. Mnyamatayo anaiyang'ana, anayang'ana mwana wanga, kenako anagogoda pa kompyuta. Mtengo umene anatchula unali woposa kuwirikiza kawiri umene bambo ake ankalipira.

"Chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi mwana. Zaka sizinafike 25, laisensi ilibe ndi miyezi iwiri yomwe. Ana ndi amene amachita ngozi kwambiri."

"Uyu wachita ngozi iti?"

"Sanachite. Koma akhoza kuchita."

"Inunso mukhoza kugwa pampando mwakhalapowo. Ndikulipiritseni?"

Jesinta anandikoka nsalu. "Mami, anthu akutiyang'ana."

Aziyang'ana. Ndinamuuza mnyamatayo kuti amuna anga analipira pa ofesi yomweyi zaka 14, sanagundepo ngakhale mbuzi. Chaka chilichonse ankawatsitsirako mtengo chifukwa chosachita ngozi. Nanga mbiri imeneyo yapita kuti?

"Mbiri inali yawo, mayi," anatero. "Siisiyidwa ngati chuma chamasiye."

Masiku atatu tinayenda maofesi anayi. Kwina anatikaniratu, akuti mwana wa msinkhu umenewu salandira. Kwina mtengo unali wotsikirako, koma mtsikana wa pamenepo anandinong'oneza kuti ikachitika ngozi, gawo lalikulu tidzatulutsa tokha m'thumba chifukwa woyendetsa ndi wamng'ono. Ndinamufunsa kuti ndiye tikugula chiyani. Anangoseka. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 6, koma malonda ndimawadziwa. Sindinaonepo munthu akulipira ambulera imene imatsekeka mvula ikayamba.

Tsiku lachitatu tikutsika masitepe, dobadoba wina wa jekete lachikopa anatitsatira. Anthu aja amangozungulira m'maofesi kuti akuyendetsereni mapepala.

"Masteni, ndi za inshuwalansi? Sitika ndikupangirani lero lomwe, theka la mtengo."

Ndinamuuza kuti akapangire amake. A Feston a kuseri kwathu anagula sitika yotere, inapezeka yabodza, minibasi yawo inakagwidwa. Ndinakwera basi ndikudzitama mumtima kuti ine sindipusitsidwa.

Lamulungu titaweruka ku Misa kunabwera alamu anga a Stewart, mng'ono wa malemu. Amayendetsa lole pa kampani ina ku Makata, amakhala ku Machinjiri. Anabwera ndi a Regina, mchemwali wawo wamkulu, amene m'banja mwawo akayankhula nkhani imakhala yatha. Ndinawafotokozera za maofesi aja. A Stewart anapukusa mutu.

"Alamu, mukuvutikiranji ngati kwathu kunatha anthu? Laisensi yanga ili ndi zaka 22. Galimotoyi tiilembe m'dzina langa, inshuwalansi ndigule ngati woyendetsa ndine, mtengo utsika. Mwanayu aziyenda nayo monga ankachitira achimwene. Dzina ndi la papepala chabe."

Ndinadziwa kuti limenelo ndi bodza kwa a inshuwalansi. Sindikubisa. Koma nditaona mmene iwo ankandiwerengera mwana wanga ngati wapalamula kale, sindinamve chisoni.

Jesinta anandiitanira kukhitchini.

"Mami, bambo aang'ono alembe kalata. Asaine kuti galimoto ndi yathu. Tiitane a tcheyamani a Mphakati wathu wa kutchalitchi akhale mboni."

Ndinabwerera pabalaza, ndinakhala pansi, ndinanena mofatsa monga ndingathere. A Regina anaika kapu ya tiyi patebulo.

"Kalata?"

"Yongokumbukira, alamu."

"Kwathu mng'ono wa malemu ndiye bambo wa ana. Munthu amasainitsa bambo wa ana ake? Bokosi anagula ndani? Anakapempha lole kuntchito kuti mtembo ufike ku Nsanje ndani? Ena akafedwa amalandidwa ndi supuni zomwe. Inu tinakutengerani chiyani? Lero mukutiitanira anthu a kutchalitchi ngati mwagwira akuba."

"Asiyeni, achemwali," anatero a Stewart motsitsa mawu. "Ngati alamu sakundikhulupirira, palibe kanthu. Ndimafuna kuthandiza basi."

Ine kwathu ndi ku Phalombe. Zaka zonse za banja langa abale a amuna anga akhala akundinena kuti sindidziwa mwambo wa kwawo, kuti ndili ndi pakamwa, kuti a Nikolasi ndinawaweta. Ndipo zinali zoona kuti bokosi anagula ndi a Stewart. Ine yemwe ndimatukwana makondakitala, tsiku limenelo ndinagwada pansi pa simenti n'kupepesa. Jesinta anali ataima pakhomo la khitchini. Anatembenuka n'kukatsuka makapu.

Mapepala anatenga masabata atatu. Kwa DC anandipatsa kalata yoti katundu wa malemu ndi wanga ndi ana. Kenako tinapita kosinthira dzina. Pa fomu panali malo a wogulitsa ndi malo a wogula. Ndinafunsa kuti bwanji akuti ndagulitsa, a Stewart anati mafomu onse amalembedwa choncho. Ndinasaina, ndinadinda chala pa makina. Bulubuku yatsopano inatuluka ndi dzina lawo. Inshuwalansi inatuluka mawa lake, yotchipa kuposa ndi ya malemu yomwe. Ndalama ndinapereka ine.

Masabata asanu galimoto inayenda. Jesinta ankayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula wodwala, madalaivala a minibasi akumuimbira hutala kumbuyo, iye osatekeseka. Makasitomala anayamba kubwerera. Mwenye wina ku Limbe ankamutcha "dalaiva wamng'ono". Mng'ono wake wa Jesinta anasiya kubwezedwa kusukulu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mwana wanga anawaganizira zoipa bambo ake aang'ono popanda chifukwa.

Lachinayi lina cha m'ma 9 koloko m'mawa, Jesinta akukhota kulowa kumsika wa Bangwe, wakabaza wa njinga yamoto anatulukira pakati pa maminibasi awiri n'kudzamenya chitseko. Wakabazayo anangosupuka pabondo, koma mayi amene anawakweza panjingapo, a Teresa ogulitsa nyemba, anathyoka mkono. Anthu onse anaona kuti wolakwa ndi wakabaza. Ndi apolisi omwe analemba choncho. Koma poti munthu anavulala, galimoto inapita kupolisi kuti akaiyese, ndipo lipoti linafika kwa a inshuwalansi. M'lipotimo munali dzina la woyendetsa ndi zaka zake.

Lolemba ndinapita kukaitenga. Wapolisi wa pa kauntala anatsegula buku lake.

"Yatuluka kale, mayi. Mwiniwake anabwera Loweruka."

"Mwiniwake ndine."

"Ife timapereka kwa amene ali pa bulubuku."

Sindinapite kunyumba. Ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ku Machinjiri. Probox inali pabwalo pa a Stewart, yotsukidwa bwinobwino, chitseko chitawongoledwa kale. Nditasuzumira mkati ndinaona mpando wakumbuyo. Sunali uja wathu, wathu uli kuseri kwa nyumba yanga. Anachita kukagula wina.

Akazi awo a Sophie anatuluka ndi mpando. "Takulandirani, alamu. Khalani."

"Sindinabwere kudzakhala. Aitaneni."

A Stewart anatuluka atavala vesiti, akutokosa m'mano.

"Alamu, makiyi," ndinatero.

"Mukudziwa zimene mwana wanu wandichita? A inshuwalansi andiitana. Akuti ndinanama pa fomu. Inshuwalansi aithetsa, dzina langa laipa. Zikamveka kuntchito, ana anga muwadyetsa inu?"

"Nzeru imeneyo inali ya ndani?"

"Ndinkathandiza. Koma ndaona kuti ndinalakwitsa. Lero wathyola munthu mkono, mawa apha, womangidwa ndine."

"Anamugunda ndi wakabaza. Apolisi alemba."

"Kaya. Monga bambo wake sindingalole kuti mwana wamkazi azikafera pamsewu. Galimotoyi ndiisunga mpaka akule."

"Akula liti?"

"Si a inshuwalansi anakuuzani okha? Zaka 25."

Zaka zisanu ndi ziwiri. Anazinena ngati akunena za mawa.

"Nanga mpando uwo mwaikiranji m'galimotomo?"

Anayang'ana kumbali. "Galimoto ikangokhala imawonongeka. Ndapeza mnyamata, izinyamulako anthu pang'ono pakati pa Chikwawa ndi Nchalo. Ndizikuganizirani."

Zimene ndinanena pamenepo sindingazilembe. Ndinatchula bokosi lija, ndinawauza kuti ngati anagula kuti adzasinthanitse ndi galimoto akanangonena pamaliro pomwepo. Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Ndinatola theka la njerwa, ndinafika nalo mpaka pagalasi lakutsogolo. Pagalasipo panali pakadalendewera korona ya a Nikolasi. Ndinaponya njerwayo pansi. A Sophie anandigwira paphewa n'kundiperekeza kumsewu, akundiuza kuti ndi nkhani ya m'banja, ikambidwa.

Sabata yotsatira ndinapita ku bungwe lina lothandiza amayi pa zamalamulo. Ndinakumana ndi loya wina, a Zeinabu, munthu waulemu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Lamulo lilipo, mayi. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Koma pamapepala apa simunalandidwe. Galimoto inafika m'manja mwanu, inu n'kusaina kuti mwagulitsa. Pali kalata iliyonse imene munalemberana?"

"Palibe."

"Uthenga wa pafoni?"

"Tinakambirana pamaso."

"Analipo ndani?"

"Mwana wanga ndi a Regina."

Anati tiyese, failo atsegula, koma ndidziwiretu kuti zitenga nthawi, ndipo kukhoti ndidzafunsidwanso za bodza la inshuwalansi lija. Anawaimbira a Regina ine ndili pompo. A Regina anayankha kuti chimene akukumbukira tsiku limenelo n'chakuti anatukwanidwa m'nyumba ya mchimwene wawo, zina sakudziwa.

Jesinta sananene ngakhale tsiku limodzi kuti Mami ndinakuuzani. Bola akananena. Anapeza ntchito mu shopu ya nsalu ku Limbe, amachoka m'mamawa, amabwera dzuwa likulowa, amadya, amagona. Usiku wina ndinamuuza kuti anditukwane mtima wake utsike. Anati watopa. A Teresa ndimawaona kumsika mkono uli mu pulasitala, sanalandire kanthu kwa aliyense, ndipo timapatsana moni ngati palibe chinachitika. Makasitomala a mazira anatengedwa ndi munthu wina wa ku Chilomoni. Ine ndabwerera pa mathireyi atatu patsiku.

Dzulo masana ndili pa benchi, foni inalira. Anali a Regina, mawu okoma ngati sitinayambanepo. Akuti banja lagwirizana kuti chiliza cha a Nikolasi chimangidwe mu Okutobala, ine ndikonzeke ndi ana.

"Za mayendedwe musadandaule," anatero. "A Stewart akuti akutengani pa galimoto yawo. Akusungirani malo kumbuyo."

Ndinawauza kuti ine ndi ana anga tikwera basi. Anayamba kunena zoti anthu kumudzi adzaona bwanji, ine ndinadula foni, chifukwa panali mayi amene amafuna mazira awiri.