Chikope cha Prudence

Prudence ankaluka tsitsi pamsika wa Kafue, ndipo azimayi a ku Nangongwe ankachita kumudikirira pabenchi. Chaka chatha chikope chake chakumanzere chinayamba kugwa chokha. M'mawa ankadzuka bwinobwino, koma dzuwa likapendeka diso linkatsinzina, manja n'kulemera ngati watunga madzi tsiku lonse.

Kukiliniki anamuyeza shuga ndi magazi, osapeza kanthu, n'kumuuza kuti apumuleko. Kutchalitchi anamupempherera. Mwamuna wake Lighton, wogwira ntchito kunjanji, anapita naye kwa dokotala wa maso, amene anamupatsa magalasi, koma sanathandize. Atabwererako, dokotalayo anamuuza kuti ayang'ane kudenga osaphethira. Ataona chikope chikutsika pang'onopang'ono, ananena mosabisa kuti maso alibe vuto, ndipo wofunika ndi katswiri wa ubongo ndi mitsempha ku Lusaka.

Mawu oti ubongo anamuopsa Prudence. Ankaganiza kuti anzake pamsika aziti wazungulira mutu, choncho anakana kupita. Lighton sanalimbane naye. Tsiku lina akuchapa limodzi, anaona mkazi wake akulephera kufinya chitenje.

"Amake Yande, tiyeni tikangomvako chabe," anatero. "Zikakhala zosamveka, tibwerako."

Anakwera minibasi, kudutsa minda ya ku Shimabala mpaka ku Lusaka. Katswiriyo anali mayi wofatsa. Anamufunsa Prudence nthawi imene amafooka, anamukwezetsa manja, kenako anakulunga ayezi m'kansalu n'kumuika pachikope. Atachotsa, diso linatseguka lonse. Lighton anaseka ngati mwana.

"Mutu wanu uli bwino," anatero dokotala. "Chitetezo cha m'thupi mwanu ndicho chikusokoneza pomwe mtsempha umakumana ndi mnofu. Uthenga ukufika mochepa."

Magazi atayezedwa anatsimikiza zimenezo. Dokotala sanamulonjeze kuti matendawa adzatheratu, koma anati mankhwala alipo owagwira, bola asamadumphitse ndiponso azibwera kudzaonedwa.

Sizinakhale bwino m'tsiku limodzi lokha. Mapiritsi oyamba anamutsegula m'mimba mpaka dokotala anasintha mlingo. Masiku ano Prudence amaluka m'mawa, masana n'kugona pang'ono kuseri kwa shopu yake. Makasitomala ena anapita kwina, ambiri anazolowera. Mwezi wathawu anapita yekha ku Lusaka, ndipo pobwerera anatsikira ku Shimabala kukagula tomato ndi repu.