Musi wa Miyendo Inayi

"Buku la nyama? Pamaliro?" anafunsa Scholastica, atagwira kabukuko ndi zala ziwiri ngati thewera lonyowa.

Felista, mkazi wachiwiri wa malemu bambo ake, anapitiriza kupinda malaya oti akavekedwe mtembo. Maso ake anali otupa. "Bambo ako ankamuwerengera Tionge tsiku lililonse akaweruka ku shifiti. Abusa avomera kuti liwerengedwe Loweruka kutchalitchi, mbiri ikatha. Ine sindingathe, mawu andithera. Iwe ndiwe woyamba kubadwa, Sikola."

Woyamba kubadwa! Lero ndiye wakumbukiridwa. Bambo ake, a Bonface, anachoka ku Zomba Scholastica akuyamba kumene sukulu, kubwera ku Leicester kudzasamalira nkhalamba za eni ake. Kuyambira pamenepo bambo anasanduka mawu a pafoni ofunsa za mayeso. Kuno anakwatiranso, nabereka Tionge imvi zitatuluka kale, ndipo kamwanako kanadya zonse: kunyamulidwa paphewa, kuperekezedwa ku nesale, kuwerengeredwa mabuku. Chaka chatha Scholastica atapeza malo pa yunivesite ku Loughborough, ulendo waufupi chabe pasitima, ankabwera kwa bambo ake ku Evington mwa apo ndi apo, chifukwa chilichonse m'nyumbamo chinkamubaya. Ankadziwa kuti kuchitira nsanje mwana wa zaka zinayi n'kochititsa manyazi, koma manyaziwo sankachotsa nsanjeyo.

Anayang'ananso chikuto. Panali chinyama cha mphuno yolendewera, nyanga ngati mafosholo, ndi miyendo yaitali yosagwirizana ndi thupi. Azungu amachitcha musi.

"Kwathu musi ndi wosinjira," anatero. "Abale ku Zomba adzaonera mwambowu pafoni. Adzati chiyani? Kuti bambo tawatsanzika ndi nyama yoti ku Malawi sinapondeko?"

"Adzati ankakonda mwana wawo."

"Eya, mwana wawo. Mmodzi."

Felista anasiya malaya aja. "Sikola, usayambe."

"Sindikuyamba, Mayi a Tionge. Ine sanandiwerengerepo ngakhale chikwangwani cha pamsewu. Pezani wina."

Apo m'pamene Tionge analowa kuchokera kukhitchini, kumene amayi a kumpingo ankamudyetsa zilizonse poganiza kuti chisoni cha mwana chimatha ndi mabisiketi. Ataona bukulo m'manja mwa mkulu wake, sanapemphe chilolezo. Anakwera pamiyendo pake n'kukhazikika ngati malowo ndi ake kuyambira kale.

"Read it," anatero. Tionge ankamva Chichewa bwinobwino, koma poyankha ankatulutsa Chingerezi chokhachokha.

Scholastica anafuna kumutsitsa, koma maso a Felista anali pa iye. Anatsegula tsamba loyamba, ngodya zake zitafewa ndi zala, n'kuyamba kuwerenga mouma ngati chilengezo cha pasiteshoni. Inali ndakatulo yachingerezi ya mizere yomveka mofanana kumapeto, yonena za musi wosochera m'chipale chofewa. Sanamalize n'komwe mzere wachiwiri.

"No! Like Daddy!" Tionge anamenya tsambalo ndi chikhatho.

"Ndawerenga zimene zalembedwa, iwe."

"Bambo ako Chingerezi cha m'bukumo anachitaya kalekale," anatero Felista, akumwetulira koyamba sabata imeneyo. "Ankati nyama yopanda dzina la Chichewa singagone m'nyumba mwawo. Ndiye anaipatsa dzina, n'kupeka zawozawo. Muuze, Tio."

Kamwanako kanaloza chinyama chija, kanakoka mpweya, n'kuyimba ndi lilime lolemera la mwana wobadwira kunja:

"Chamiyendo, mwana wanga,
wadzuka, wathamanga,
mitengo yonse yadabwa
ndi kukula kwa nyanga."

Scholastica anakweza mutu. Dzina limenelo anali atalimva komaliza ali ndi mano amkaka. Ali wamng'ono anali wowonda, wamtali kuposa anzake onse, ndipo bambo ake akamabwera kuntchito ankakuwa ali kumsewu: "Chamiyendo ali kuti?" Iye ankathamanga, n'kugwa, n'kudzukanso. Palibe wina aliyense anamuitanapo choncho, ndipo pafoni dzinalo silinatchulidwepo. Iye ankaganiza kuti linatsala pabwalo la ndege.

"Dzinali analitenga kuti?" anafunsa.

"Kaya," anayankha Felista. "Ndikafunsa ankangoseka."

Tionge anali atafika kale patsamba lomaliza, pamene chinyamacho chaima m'mphepete mwa madzi ambiri. Sanasamale kuti akuluakulu akulankhula.

"Chamiyendo ali kutali,
kutsidya kwa nyanja,
koma tsiku lobwera
tidzamuombera m'manja."

Scholastica anakumbukira tsiku limene anafika koyamba pakhomo pano, chikwama chili kumsana, mtima atauumitsiratu m'sitima. Chitseko chitatseguka anapeza bambo ake atagwada kumbuyo kwa Tionge, atagwira timanja ta mwanayo m'manja mwawo, akuombetsa: phwa, phwa, phwa. Iye anangoona munthu wamkulu akusewera ndi mwana wake wokondedwa pamaso pa mwana wotayidwa. Anati, "Kodi ndapambana mpikisano?" n'kuwalambalala. Bambo ake anaseka, nadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo. Anali munthu wotero: zomwe ankalephera kuuza wamkulu ankakaziyimbira wamng'ono.

Nsanje sinachoke yonse, tisanamizane. Tionge anali atamvabe nyimboyo madzulo aliwonse ali pachifuwa chofunda, pamene mwini dzina ankaimva lero, woyimba ali mumotchale. Zimenezo zinamuwawa, ndipo analira, misozi n'kudonthera pa nyanga za chinyama chija.

"Sikola?" Felista anayandikira. "Ngati n'zovuta, ndipempha abusa."

"Ayi, Amayi. Ndiwerenga ndine." Anapukuta tsambalo ndi mkono wa juzi. "Koma osati zolembedwazi. Tio, tiyambirenso. Undiphunzitse bwinobwino."

Tionge anapukusa mutu. Nyimbo inali isanathe, mkuluyu ankalakwitsanso. Anatsika, n'kuzungulira kumbuyo kwa mpando, n'kutambasula timikono take mpaka tinafika. Anagwira manja a Scholastica, lina uku lina uku, n'kuwaombetsa katatu.