Diso la Kaloboti

Kaloboti kanathamanga pasimenti n'kukadzimenya pa mwendo wa tebulo. Kanabwerera pang'ono, n'kudzimenyanso. Bambo okonza mawailesi anangoti kukamwa yasa.

"Ha! Zatheka bwanji?"

Zaka makumi atatu ali m'shopumo, chinthu chotuluka m'manja mwawo sichinkabwezedwa. Ndiye lero awachititse manyazi kachidole ka matayala awiri? Yemwe anabwera nako ndi mwana wawo wamkazi, wophunzira zamagetsi ku koleji. Kuyenda kankayenda, koma kanalibe diso loonera zopinga kutsogolo. Iye ankafuna kukagula disolo, bambo ake n'kumuseka kuti zogula n'za alesi. Bambowo anazula kababu m'limoti yakale ya TV, n'kuzulanso kolandirira kuwala mu TV yakufa. Nzeru yake inali yapafupi: kababu kaponye kuwala, kuwalako kakagunda chinthu kubwerere, kaloboti kaime.

Chomwe sanauze munthu, ngakhale mayi akunyumba, n'chakuti kuyambira chaka chatha pakati pa chilichonse chomwe ayang'ana pankakhala chifunga. Ntchito ankagwira ndi zala komanso chizolowezi. Ankaopa kwambiri. Makasitomala atamva, ndani angasiyire wailesi yake mmisiri wosaona?

"Mwina ndi pulogalamu yako ya pakompyutayo," anatero.

"Pulogalamu ilibe mlandu, Bambo. Tiyeni tione ngati kababu kakuyaka."

Kuwala kwa limoti sikuoneka ndi maso, amisiri onse amaonera pa kamera ya foni. Mwana uja analozetsa foni pa kababu, anayang'ana, kenako anawatembenuzira.

"Onani nokha."

Iwo anaona chifunga chawo chomwe chija. Anatsokomola, n'kunena ndi mawu a mmisiri wamkulu, "Eya, si uko. Kakuyaka bwinobwino."

Panja njinga yamoto inadutsa.

"Bambo, mwati chiyani?"

"Ndati kakuyaka."

"Palibe chikuyaka apa. Pali bii." Mwana uja ananyamula kaloboti, n'kukayandikitsa kumaso. "Mayo ine! Mwalowetsa kababu motembenuza. Inuyo, Bambo? Si inu munandiphunzitsa kuti kababu kozula kwina miyendo yake imakhala yodulidwa mofanana, ndiye tiziyang'ana mbali yaphwatalala?"

Bambo aja anakhala pansi pa katoni ya masipika. Cholakwa chimenecho n'cha ophunzira a sabata yoyamba, ndipo anali atakalipirapo anthu ambiri chifukwa cha icho. Poika kababuko, mbali yaphwatalalayo anaifunafuna ndi chala, n'kungolota.

Mwana uja anagwada patsogolo pawo. Anawayang'ana m'maso nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa.

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chatha! Ndiye msewu uwu mumawoloka bwanji? Magetsi mumagwira bwanji? Amayi akudziwa?"

Anapukusa mutu. Anafuna kumuuza kuti asauze munthu, koma anachita manyazi. Mwana anali atayamba kulira mosatulutsa mawu, ndipo iwo anadziwira pa kupuma kwake, poti nkhope sankaiona bwino.

Anapapasa patebulo mpaka anapeza chowotcherera, chikadali chotentha. Chitsulo chimenecho sanabwerekepo munthu chiyambire ntchito. Anachitembenuza, n'kumupatsira kuchigwiriro.

"Kazule, ukatembenuze," anatero. "Ukatha undiuze ngati kayaka. Undiuze zoona."