Purosesa ya mu Envulopu

"Musakankhe, achimwene. Mupinda timano ta m'kompyutamu," anatero mtsikana.

Mchimwene wake anachotsa chala. Kompyuta ya malemu bambo awo inali chitsegulire pa tebulo la mu shopu, patangotha masiku anayi chiwaikire m'manda. Mnyamatayo anali atabweretsa purosesa, ubongo wa kompyuta, ya m'badwo watsopano, koma inkakana kukhazikika mu soketi, malo ake a pa bolodi ya m'kati mwa kompyutayo.

"Si za kampani imodzi zonsezi?" mnyamatayo anafunsa mlongo wake.

"Kampani ndi imodzi, koma bolodi ndi yakale. Soketi zake n'zosiyana," anayankha mtsikanayo.

Amalume awo, atakhala pa benchi la makasitomala, anaseka chapansipansi. "Ndiye basitu. Makina okalamba, mwini wake wapita. Makasitomala azidikira ola lathunthu chikalata chimodzi? Tibweze makiyi kwa eni nyumba, mtsikanayu akaone zina."

Zaka zisanu ndi chimodzi mtsikanayo anakhala pambali pa bambo ake mu shopumo, akulemba makalata a anthu ndi kusindikiza ziphaso. Anapemphera mumtima, natsegula kabati kuti atenge zomangira. Pansi pa mawaya panali envulopu yolembedwa ndi dzanja lomwe ankalidziwa: "Mwana wanga."

M'katimo munali purosesa yogwirapo kale ntchito, kachubu ka phala loziziritsira, ndi kapepala. Anawerenga mokweza.

"Iyi ndiye yomaliza yomwe bolodi yathu ingalandire. Pulogalamu ya m'bolodi ndaikonzeratu. Phala uike pang'ono, ngati njere ya mpunga. Usalole munthu akankhe."

Mchimwene wake anakanda m'mutu. "Ankandidziwa akuluwa."

Amayi awo, omwe anali chiimire pakhomo, anaseka koyamba chichitikire maliro.

Purosesayo inangogona yokha m'malo mwake. Mtsikanayo anapaka phala, namanga fani, nadina batani. Fani inazungulira, sikirini n'kuwala. Pulogalamu yomwe kale inkatseguka munthu atamaliza kumwa tiyi inatseguka amalume asanamalize kutsokomola.

"Ndayamba liti kutsutsana ndi alamu anga?" anatero amalumewo, akuika makiyi pa tebulo. "Mawa undilembere kalata, koma mwaulemu wake."

"Mubwere m'mawa, amalume. Pamakhala mzere."

Atatero anakoka mpando wa bambo ake, womwe sanakhalepo chiyambire chifukwa unali wautali. Anakhala mosamala. Mapazi ake anaponda pansi bwinobwino.

"Anautsitsa okha," anatero amayi motsitsa mawu, "tsiku lomwe tinkapita kuchipatala."