Mafuta a Ndevu Sabata Imene Bambo Anasowa

Achimwene anga ntchito yawo ndi kulankhula ndi foni. Amaima pakona ya pabalaza, pamene anapaka utoto wachikasu, nyali yozungulira ili kumaso, n'kumaseketsa anthu amene sanawaonepo. Kanema aliyense amathera pa mawu amodzimodzi: "Zambiri dinani linki ili pa pulofayilo yanga." Malo a linkiwo ndi amodzi okha, ndipo anawabwereketsa kwa kampani ina yogulitsa mafuta omeretsa ndevu. Achimwenewo ndevu zawo n'zowerengeka, zotalikirana ngati mbewu za m'munda mwa mlesi.

Bambo athu mutu unayamba kuwasokonekera chaka chatha, moti amaiwala mayina ndi njira. Tsiku lina m'mawa anatsegula geti, atavala jekete ndi masilipasi, osabwereranso.

Ndinapanga tsamba la pa intaneti msangamsanga, n'kuikapo chithunzi chawo ndi nambala yanga.

"Achimwene, okutsatirani aja ndi ambiri. Tchulani nambala yangayi m'kanema."

"Iwe suzidziwa izi," anatero akukonza nyali. "Ukaika zonse poyera munthu amangodutsa. Umamukoka kuti afike pa pulofayilo."

"Ndiye ikanipotu tsamba la bambo."

"Ndiika. Usandiphunzitse ntchito."

Kulira analira bwino, ndisaname. Anabwereza kujambula mpaka msozi unatsikira mbali imene kuli nyali. Kanemayo anafalikira ponseponse. Ine ndinali pamsewu, kufunsa m'zipatala ndi m'madepoti, mtima uli m'mwamba, foni yanga ili zii.

Bambo anapezeka sabata ikutha. Anabwera nawo ndi mlonda wa pasitolo ya matayala, tsidya lina la tauni, mapazi atatupa, silipasi imodzi itataika. Anatipeza chifukwa m'mawa umenewo bambo anangokumbukira okha dzina la msewu wathu.

"Kanema uja ndinamuona tsiku lomwelo, madalawa atakhala pabenchi yanga," anatero mlondayo. "Ndinadina linki, inandipititsa kogula mafuta a ndevu. Ndinalemba pansi pa kanemapo, osayankhidwa. Zopita kupolisi madalawa anakana kwamtuwagalu, amvekere akudikira mwana wawo wamwamuna adzawatenge. Ndiye ndimangowagoneka m'kanyumba kanga ka ulonda."

Ndinawayang'ana achimwene. Ndinapsa mtima.

"Pangano ndi akampani linali lisanathe," anang'ung'udza, maso ali pansi. "Ndikanachotsa linkiyo akanandisiya."

Manyazi awowo sanachedwe kuuma. Mlonda asanamalize n'komwe kumwa madzi amene ndinamupatsa, anthu inu, achimwene anayatsa nyali. Anagwada pambali pa mpando wa bambo, n'kuwakoleka dzanja paphewa, foni ili m'mwamba.

"Abale anga okondedwa, bambo apezeka! Nkhani yonse dinani linki ili pa..."

Bambo anachotsa dzanjalo paphewa pawo mwaulemu, n'kutembenukira kwa ine.

"Mayi, wamalondayu muuzeni kuti sitigula, azipita. Ine ndikudikira mwana wanga."