Chipinda cha Makoma Atatu

"Hamala imeneyo waitenga kuti?"

Changu anaima pakhomo la chipinda cha malemu amayi awo, hamala yaikulu ili paphewa ngati munthu wopita kukaswa miyala. Mchemwali wake, Nesi, anali pabedi akupinda zovala. Chovala chilichonse ankayamba wachinunkhiza, kenako n'kuchiponya pamulu wa zochapa. Zonse zinkanunkha chinyezi.

"Ndabwereka kwa mmisiri."

"Ukufuna kugwetsanso chiyani? Khoma limodzi lija silinakukwane?"

Amayi awo sankaitana munthu ndi dzina lake lenileni, ankati mayina a makolo ndi ongoyerekeza. Mwana wamwamunayu anamutcha Changu chifukwa anabadwira m'galimoto, chipata cha chipatala chikuonekera, ndipo kuyambira pomwepo sanadikirepo kanthu. Wamkaziyu anamutcha Nesi ali wamng'ono, atamupeza akumanga mphaka mwendo ndi nsanza. Mphakayo sankadwala. Dzinalo linamutsatira mpaka analowadi ntchitoyo.

Chipindacho chinali ndi makoma atatu. Lachinayi analigwetsa Changu mvula isanayambe, ndipo anagwetsa ndi mtima wabwino. Maondo a amayi anali atatha, ndiye iye anati akuze chipinda, aikemo bafa ndi chimbudzi, asamavutike kutuluka panja. Mmisiri atafunsa za chilolezo, Changu anati pulani ili ku khonsolo, ituluka mawa, yambani kukumba. Makoma atsopano atafika pamutu pa chitseko, anthu a khonsolo anatulukira ndi chitini cha utoto n'kulemba mtanda wofiira waukulu. Ntchito iime. Khoma linali litayandikira kwambiri malire, moti madzi a padenga akanamagwera kwa eni ake a kuseri kwa mpanda. Popanda iwo kuvomera, panalibe chilolezo.

Ndiye kuseri kwa mpandako kunkakhala mayi amene malemu anawatcha Wailesi. Awiriwa anasiya kulankhulana Changu akadali pasukulu. Kukapempha kanthu kumeneko kunali ngati kukapempha galu fupa.

Pamalo pa khoma, Changu anamangapo lona. Amayi anakana kusamukira pabalaza. "Ndizigona pomwe mumaonera mpira? Ndine mlendo?" Alendo akabwera ankawaonetsa lonalo monyada, akuti m'tauni monse palibe wina ali ndi khoma lopuma. Mvula inabwera, inakhala. Chifuwa chinayamba ngati nthabwala, madokotala n'kudzati ndi chibayo. Tsopano maliro anali atatha, achibale atabalalika, pabwalo patangotsala mipando yobwereka yosanjikizana.

"Munthu wa ku khonsolo akubwera lero," anatero Changu. "Ndikudziwa zimene anene. Bola ndigwetse ndekha asanandiuze."

"Wekha. Zonse wekha. Kugwetsa wekha, kunama wekha."

"Ndinanama chiyani ine?"

"Suja unawauza Amayi kuti chilolezo chinatuluka, koma mmisiri ndiye wadwala? Wodwala wake uti? Ndinkamuona ine ali padenga la anthu ena, wanenepa mpaka malata kupindika."

Changu anatsitsa hamala pang'onopang'ono.

"Inu achemwali, nyumba yanu ili ndi makoma anayi. Amayi atakuimbirani kuti adzakhale kwanu mpaka mvula ithe, munawayankha chiyani?"

Manja a Nesi anaima pa juzi yaubweya.

"Kunali alendo."

"Abale awo a alamu."

"Ndinangoti adikire pang'ono."

"Nanenso ndinangoti adikire pang'ono."

Mphepo inakankha lona, linafufuma ngati mimba ya munthu wokhuta, kenako n'kuphwa. Nesi anaipindanso juzi ija, ngakhale inali yopinda kale.

Panja panamveka njinga yamoto. Anatuluka onse awiri. Anapeza bambo wochepa thupi akutsika, pepala lalikulu lokulungidwa lili m'khwapa, tepi yoyezera ikulendewera palamba. Ankamwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Odi kuno! Agogo alipo? Auzeni kuti Tepi wabwera, ndipo lero sabwera chimanjamanja."

Changu anayang'ana mchemwali wake. Nesi anayang'ana mipando ija. Bamboyo anatsatira maso akewo, naye n'kuiona mipandoyo, ndipo kumwetulira kunatsika pankhope pake ngati utoto wopaka pakhoma lonyowa. Anavula chipewa.

"Liti?"

"Sabata yathayi," anayankha Nesi. "Mumawadziwa?"

"Mayi, ku ofesi kwathu ndani sawadziwa? Ankabwera ndi ambulera yothyoka nthiti, n'kukhala pabenchi kutsogolo kwa chitseko changa. Tsiku loyamba ndinawauza kuti mwini pulani abwere yekha. Iwo akuti, mwini pulaniyo ndinamubala ndine, ndiye kuti pulaniyo ndi mdzukulu wanga, ndabwera kudzamutenga." Anaseka pang'ono. "Tonse anatipatsa mayina. Ine ndine Tepi. Abwana athu ndi a Bwerani Mawa. Mpaka lero eni ake sakudziwa."

"Ankandiuza kuti akupita kuchipatala, kwa achemwali," anatero Changu, mawu ali pansi.

"Ine sindinawaoneko," anatero Nesi.

"Ndinawamasulira bwinobwino," anapitiriza Tepi, "kuti oyandikana nawo akapanda kuvomera, manja anga ndi omangika. Ndinaganiza kuti basi, zathera pomwepo. Tsiku lina ndingoona atulukira awiri pansi pa ambulera imodzi, akukangana kuti wina akunyowetsa mnzake."

"Ndipo ndi iwowo ankandinyowetsa ine!"

Mawuwo anachokera pamwamba pa mpanda. Panali mutu wa a Wailesi, mpango uli pambali. Ankamvetsera kuyambira pa odi. Pamaliro anakhala kumbuyo kwenikweni osalankhula ndi munthu, ndipo Nesi anaganiza kuti angobwera kudzatola nkhani. Koma mpandawo unali wautali kuposa iwo. Changu anayandikira n'kuona nsonga ziwiri zabuluu zitatulukira m'mbali mwa mapewa awo.

"Amayi, makwerero amenewo si athu? Ine mpaka ndinakangana ndi mmisiri, ndimati waba."

"Anu? Anu a kuti? Bambo ako anadzabwereka makwerero awa iwe ukadali ndi mamina. Amako n'kuwapaka utoto wabuluu, n'kulumbira kuti anagula okha. Nkhondo yonse ija gwero lake n'limeneli. Iwe unkayesa tinkalimbirana mwamuna?"

Nesi anagwira pakamwa.

"Ndiye tsiku lina mvula ikuwaza, ndingomva phii! pamasamba anga. Makwerero. Kuseri uko amako ali wefuwefu, akuti, tengani zanu, zakalamba. Pepani sananene, mawu amenewo munalibe m'kamwa mwawo. Ine ndati, mwadwala kapena? Akuti, valani nsapato, mundiperekeze ku khonsolo."

"Anawanyamula okha?" anafunsa Changu.

"Nanga ndani? Iwe unali kuntchito."

Changu anakhala pamulu wa njerwa. Makwererowo ankawadziwa kulemera kwake, iye mwini ankawanyamula akudandaula.

"Ankadziwa kuti chilolezo kulibe," anatero, osati mofunsa.

"Mwana iwe, mtanda wofiira wonse uja? Amako sankawerenga bwino, koma sanali akhungu. Anati, mwana wanga wadzikola yekha ndi chingwe chake, manyazi akumudya, musiyeni. Ndipo akuti, inu a Wailesi, mukangoulutsa izi, makwerero ndidzawatenganso." A Wailesi anakoka mamina. "Ndinasunga. Nkhani yoyamba kusunga chibadwire changa. Inkandiyabwa ngati chitedze."

Changu anatembenukira kwa mchemwali wake. Maso ake anali ofiira.

"Achemwali, inu mumadziwa za matenda. Chinawapha ndi lona, kapena ndi mvula ya m'njira popita ku khonsoloko?"

Nesi anatsegula pakamwa kuti anene zimene amauza abale a odwala, zoti nthawi inakwana. Sizinatuluke.

"Sindikudziwa. Zonsezo n'zako, ngati ukuzifuna. Koma kwathu kunali kouma. Chimenecho n'changa."

Tepi anakhosomola, monga amachitira munthu amene walowa pakati pa nkhani ya eni ake. Anatambasula pepala lija pamwamba pa mipando, n'kupsinja m'makona ndi zibenthu za njerwa. Chidindo chinalipo, chatsopano, inki yake yowala.

"Chilolezo chatuluka, bambo. Khoma likhale. Koma pasintha zinthu ziwiri. Denga likhale ndi ngalande m'mphepete, madzi azitsikira mbali yanu. Ndiyeno pali zenera ili."

"Zenera liti? Mbali ya mpanda sindinaikeko zenera."

"Anaiketsa agogo. Zenera loyang'ana kwa eni ake sitilola wamba, pokhapokha eni akewo atavomera."

"Ndinavomera," anatero a Wailesi. "Anati maondo atha tonse awiri, tizitukwanizana bwino osatuluka panja."

"Anandiuza kuti malo ake alemba kale pakhoma," anatero Tepi. "Ndiyenera kuona."

Analowa atatu m'chipinda muja, Changu anamasula chingwe cha lona, n'kulikankhira pambali. Chilembereni mtanda uja, iye anali asanapondemo m'chigawo chatsopanocho. Pansi panali madzi odikha ndi udzu womera m'ming'alu. Kukhoma la mbali ya mpanda kunali malata oyedzamira, odikira denga. Iye ndi Tepi anawasuntha limodzilimodzi.

Kuseri kwa malatawo kunali mzere wa khala, wa makona anayi, wopendekeka ngati chipewa cha chidakwa. Unali m'munsi kwambiri, pamene pangafike mutu wa munthu wokhala pabedi. Pakati pake, panjerwa imodzi, panali kankhope: maso awiri osafanana, ndi lilime lalitali lotuluka.

Nesi anaseka kamodzi, kenako anagwira khoma.

"Ajambula chiyani?" anafuula a Wailesi kuseri.

"Maluwa, amayi."

"Bodza! Ndimawadziwa ine."

Tepi anakoka tepi yake, anaiika pamzerewo, anayang'ana pepala, anayang'ananso khoma.

"Latsika kuposa mmene tinalembera."

"Ndilikweze?" anafunsa Changu. Aka kanali koyamba kufunsa asanachite.

Tepi anasiya tepi ibwerere yokha m'chikombole chake.

"Ndikakonza pepala. Pepala silivuta."

Changu anayang'ana chipinda chopanda dengacho, malo a bafa, paipi yongotuluka pansi osalumikizidwa kulikonse.

"Ndimalize cha ndani tsopano?"

"Iwe maliza," anatero Nesi. "Ndizidzagonamo ine ndikabwera. Ndipo ndizibwera, usaganize kuti wapuma."

Hamala yaikulu ija inatsala pakhomo. Changu anakatenga yaing'ono kukhitchini, ndi msomali wautali, n'kugwada m'madzi muja. Anayamba kukokota simenti mozungulira njerwa ya kankhope, pang'onopang'ono, akuuzira fumbi. Munthu amene anabadwira m'galimoto anakhala pamenepo mpaka Tepi anatopa kuima n'kukhala pachidebe. Njerwayo itagwedezeka, Nesi anatchera manja n'kuilandira monga amalandirira makanda. Kuwala kunalowa pabowopo.

Nesi anatuluka nayo, anazungulira khoma, n'kuima pazala kuti aikhazike pamwamba pa mpanda, nkhope itayang'ana kwa a Wailesi.

A Wailesi anaiyang'ana nthawi yaitali, manja atagwira makwerero abuluu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona, kenako anaitulutsira lilime.