Kapu ya M'munda wa a Bizwell

"A Bizwell, kachasu amene mumamwetsa anyamata m'munda uja musiye. Mudzalira tsiku lina."

Amene anawachenjeza choncho ndi namwino Hanifa, pa tsiku lomaliza la maphunziro ku Ntcheu Boma. Anthu makumi awiri anasankhidwa m'midzi kuti aphunzire kuteteza achinyamata ku mowa, chamba ndi matenda a maganizo. A Bizwell, mlimi wa kachewere wa ku Tsangano, anali mmodzi wa iwo. Sabata yonse ankakhala kutsogolo n'kumagwedeza mutu, koma za chigubu chawo chachikasu aliyense ankazidziwa.

"Mayi, kuzizira kwa kwathu inu simukudziwa," anayankha akuseka. "Mnyamata angakumbe m'mamawa wopanda kotenthetsa m'mimba? Ndi kapu imodzi yokha."

"Kapu imodziyo ndi imene imawononga, chifukwa ubongo wa mwana sunakhwime. Aphikireni tiyi, akumba bwinobwino. Ndipo mukaona mwana wasiya kusamba, sakugona, akudzipatula kapena akulankhula yekha, musadikire. Thamangirani naye kuchipatala."

A Bizwell anavomera pakamwa pokha. Mumtima ankati mtsikanayu anakulira m'sitolo ya bambo ake, khasu sanaligwirepo. Analandira satifiketi ndi malaya olembedwa uthenga kumsana, nakwera minibasi.

Zimene anakachita kumudzi n'zochititsa nseru. Lamlungu ankaima m'tchalitchi atavala malaya aja, kudzudzula ana a anzawo mpaka thovu kukamwa. Lolemba, malaya omwewo ali m'thupi, ankatsitsa chigubu panjinga m'mphepete mwa munda. Lamulo lawo linali lakuti wodzaza thumba alandire kapu. Ana a zaka khumi ndi zisanu, ena mamina ali m'mphuno, ankapikisana ndi makasu chifukwa cha kapu yapulasitiki yakuda bii, yoyenda kamwa ndi kamwa osatsukidwa. Pofika masana wina wasanzira kachewere, wina wadzikodzera, wina wagona m'ngalande ntchentche zili pamilomo. A Bizwell amvekere, "Chaka chino ntchito ikuyenda!"

Ntchito yothira m'kapu anapatsa mwana wawo wobereka okha, Edson, wa Fomu 2, poopa kuti mwana wa eni angawabere. Koma mwana wogwira chigubu tsiku lonse angalephere kulawa? Analawa. Kenako anayamba kudzaza matumba kuposa anzake kuti nayenso alandire. Zokolola zitatha, ludzu silinathe. Kusukulu anasiya, nayamba kutsatira anyamata osuta chamba kutsidya kwa malire.

Tsiku lina akazi awo, a Lufina, anawapeza akusankha mbewu pakhonde.

"Bambo a Edson, mwanayu si uja ayi. Sabata ziwiri madzi sanamukhudze. Chakudya akukana, ndipo dzulo ndinamupeza akukangana ndi khoma. Si zimene anakuphunzitsani ku Boma izi? Tiyeni naye kuchipatala."

A Bizwell anazizindikira zizindikirozo, zonse zinali m'kope lawo la ku maphunziro aja. Koma anaganiza za tchalitchi, za malaya, za kuseka kwa anthu amene anawanyozera ana.

"Mukufuna dziko lonse limve kuti mlangizi wa achinyamata mwana wake wapenga? Amene anaphunzira ndi ine, osati inu. Ndi unyamata umenewu, utha."

A Chrispin, dalaivala wa lole amene ankanyamula kachewere wawo, anali pomwepo akutokosa m'mano.

"Achimwene, musavutike. Akanjenjemera manja, mupatseni kapu ina, akhazikika. Tonsefe tinakula choncho."

Ndipo bambo, munthu wa satifiketi, analowa m'nyumba, natenga chigubu, namwetsa mwana wake wodwala ndi dzanja lake. A Lufina analavula malovu pansi, nachoka.

Mwezi sunathe. Tsiku la msika ku Tsangano, mayi wina anabwera akuthamanga kudzaitana a Bizwell. Anapeza anthu ataunjikana kudzala. Edson anali pakati, wopanda malaya, matope thupi lonse, akutola kachewere woola wotuluka mphutsi n'kumaponya m'kamwa. Fungo lake anthu ankatseka mphuno. A Bizwell atayandikira, mayi wogulitsa kabichi anakuwa, "Pewani, alangizi afika! Mwabweretsa chigubu?"

Anamunyamula pa lole ya a Chrispin yomweyo mpaka kuchipatala. Namwino Hanifa sanawakalipire, anangofunsa kuti mwanayo anayamba liti kusintha khalidwe.

"Miyezi inayi yapitayo," anayankha a Lufina. A Bizwell anangozyolika.

"Mukanabwera nthawi imeneyo, bwenzi pano ali m'kalasi. Timuthandiza, ndipo ambiri amachira. Koma zitenga nthawi, ndipo sindingalonjeze kuti adzabwerera mwakale."

Patapita masiku atatu, a Bizwell analoledwa kukamuona. Anakhala pambali pa bedi, namugwira phewa.

"Edson, mwanawe, ndine bambo ako."

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, maso ali gwa ngati akuona mlendo. Kenako anatambasula dzanja.

"Bwana, ndadzaza matumba anayi. Thirani."

Phunziro: Wolangiza ana a eni ayambe wataya chigubu cha m'nyumba mwake. Mowa si malipiro a mwana, ndipo mwana akasintha khalidwe, musabise poopa manyazi. Pitani naye kuchipatala msanga.